Matenda Akula

Kwathu kumapiri a Dedza imfa silembedwa m'kalata. Munthu akamwalira kutali, wotumiza uthenga amangoti, "Matenda akula," ndipo akuluakulu akamva amadziwa chimene chachitika, koma sanena kanthu. Mawu enieniwo amadikira pakamwa pa munthu. Wina ayenera kuyenda ulendo, kufika pakhomo, kukhala pansi, ndi kuwatula pamaso pa eni ake. Pamenepo ndiye maliro amayamba. Mwambo umenewu ndauganizira kwa zaka zambiri, ndipo sindinaupezebe cholakwa. Sufuna kuti munthu akumane ndi imfa ali yekha ndi pepala. Koma umatsamira pa zinthu ziwiri: kuti pakhale wamkulu womasulira mawuwo, ndiponso kuti wonyamula uthengayo afikedi. Pa imfa ya mlamu wanga Sitefano zonse ziwiri zinasowa, ndipo chachiwiricho chinali ine.

Tinanyamuka awiri m'mudzi wina wa kuseri kwa Kasina, chimanga chitalowa m'nkhokwe. Ine ndinali nditamaliza Sitandade Sikisi kwa ansembe, ndili ndi dzanja labwino polemba koma wopanda pogwira. Sitefano anali mwamuna wa mlongo wanga wamkulu, Veronika, amene iye ankamutchula ndi dzina la mfunda, aNangozo. Sukulu anaisiyira pa zilembo zoyamba. Chimene ankafuna kunja chinali njinga yonyamulira kachewere kupita naye kumsika, basi. Sitinadzere ku ofesi yolemba anthu. Tinapita mwa selufu, ndiko kunena kuti mwa tokha, wapansi, kudutsa dziko la Apwitikizi mpaka kukawoloka Zambezi.

Amene anatiperekeza mpaka pamtsinje wa kumadimba anali awiri: Veronika ndi amalume athu a Yohane, omwe analinso nkhoswe ya ukwatiwo. Amalume anandikokera pambali nati, "Iwe ndiwe wodziwa pensulo. Kukagwa kanthu, ukalembere ine, osati akazi." Veronika sanalire. Anangoti, "Achimwene, munthuyu ndakubwerekani, sindinakupatseni ayi."

"Mwalakwitsa aNangozo," anatero Sitefano. "Kubwereketsa khasu kwa mwana wa sukulu? Adzabweza mpini wokha."

Tonse tinaseka, ngakhale amalume.

Powoloka Zambezi chitupa cha Sitefano chinanyowa mpaka zilembo zinafufutika. Kutsidyako anapeza china kwa munthu wina wa kumpoto amene anali pa ulendo wobwerera kwawo. Motero m'mabuku a mgodi wa golide kumene tinapeza ntchito, m'dziko limene tonse tinkangolitchula kuti ku Halale, mlamu wanga analembedwa kuti Wilisoni wochokera kumpoto. Zotere zinali zofala, ndipo palibe amene anazitenga ngati nkhani. Iye mwini ankati, "Wilisoni ndiye amatsika kumgodi. Sitefano ntchito yake n'kudya."

Ine anandiyesa polemba, nandiika pa ntchito ya mabalani, wolemba mayina ndi manambala pa zenera la ofesi ya komboni. Sitefano anapatsidwa fosholo. Ankatuluka pansi atayera mbuu ndi fumbi la miyala, maso okha akuoneka, ndipo podutsa pa zenera langa sankalephera kuima.

"Alamu, mwaswera bwanji ndi katundu wanu wolemerayo? Pensulo sinakuthyoleni msana?"

"Sambani kaye, tidziwe amene akulankhula."

"Ndikasamba mudzandilipiritsa msonkho. Bola ndikhale mzukwa."

Komboni inali mizere ya zipinda za njerwa zogundana, zofoleredwa ndi malata, yozingidwa ndi waya. Makoma apakati sankafika kudenga, choncho munthu akatsokomola m'chipinda choyamba, a m'chipinda chachitatu ankamumva. Tinkadandaula nazo zimenezi, chifukwa munthu analibe chinsinsi ngakhale cha m'maloto.

M'kombonimo munali kampingo kathu ka Akatolika ochokera ku Nyasaland. Tinkasonkhana m'chisakasa cha kuseri kwa khitchini. Bambo mfumu ankabwera pa njinga yamoto kamodzi pa mwezi kudzachita Misa. Masabata ena onse ankatitsogolera ndi a Paulo, mkulu wa ku Ntcheu amene ankaphika m'khitchini ya komboni. A Paulo anali mtchona: anachoka kwawo ali mnyamata ndipo sanabwerereko. Za kwawo sankazikamba. Mapemphero onse anali nawo pamtima, ndipo munthu akamwalira ndiwo ankasambitsa mtembo. Pambuyo pa mapemphero ine ndinkakhala pa bokosi n'kumalembera anzanga makalata opita kumudzi. Ndinkadziwa amene watumiza bulangeti kwa amake, amene akubisa chilonda, amene mkazi wake wasiya kuyankha. Ndinaphunzira msanga kuti kalata ya munthu wa pamgodi imalembedwa kuti owerenga agone tulo.

Chimfine chachikulu chinatipeza m'nyengo yozizira. Tinayamba kumva kuti chili m'mizinda, kenaka tinamva kuti chili pamgodi woyandikana nawo, kenaka m'mawa wina theka la anthu silinadzuke kupita ku ntchito. Munthu ankayamba ndi mutu ndi kuphwanya kwa thupi, n'kugwa ngati wamenyedwa ndi chibonga. Ambiri ankadzuka patapita masiku. Koma amene mapapo awo anali atadyedwa kale ndi fumbi la pansi, chimfinecho chinkasanduka chibayo, ndipo amenewo kawirikawiri sankadzuka. Akuluakulu a mgodi analamula kuti zipata zitsekedwe, mlendo asalowe, ndipo anthu asasonkhane paliponse. Chisakasa chathu chinasandutsidwa chipinda cha odwalitsitsa.

Lamulungu loyamba tinangokhala m'zipinda, aliyense akuyang'ana malata. Lachiwiri lake a Paulo anayenda mzere ndi mzere, akuima pakhomo osalowa, nati, "Atiletsa kusonkhana. Sanatiletse kumvana. Mukamva mbale, yambani."

Lamulungu lotsatira, dzuwa litangokwera, anaima okha pakati pa bwalo n'kumenya mbale yachitsulo ndi chipande. Mzere wa kum'mawa unayamba kolona, kunena chigawo choyamba cha Tikuoneni Maria. Mzere wa kumadzulo unayankha chigawo chachiwiri. Mawu ankadutsa pamwamba pa makoma osafika kudenga aja, kuchoka chipinda kupita chipinda, ena kutsogola, ena kutsalira, ena kuduka ndi chifuwa. Sizinali zokoma kumva. Koma munthu wogona pa bedi la simenti, wosatha kudzutsa mutu, ankamva kuti mbali zonse kuli anzake.

Kolona ikatha, a Paulo ankaitana mayina, chipinda ndi chipinda, ndipo aliyense ankavomera ali momwemo. Dzina losavomeredwa ankalisunga m'mutu, ndipo masana ake pakhomo pamenepo pankafika chitini cha phala. Pasanapite nthawi anthu a mipingo ina anapempha kuti mayina awo aziitanidwa nawo, ndipo Ayao awiri achisilamu ndiwo ankanyamula zitini za mzere wa kumapeto. Kupatsana moni wa m'manja kunaleka. Tinabwerera ku moni wa makolo, wowomba m'manja chapatali. Maliro ankaloledwa anthu anayi okha, otsalawo ankaima pamakomo, zipewa zili m'manja, mpaka machira atatuluka pa chipata.

Bambo mfumu anabwera kamodzi m'nyengo yonseyo. Sanawalole kulowa, ndiye anaima kunja kwa waya. Kulapa m'khutu sikukanatheka. Anafuula kuti aliyense akumbukire machimo ake mumtima ndi kuwamvera chisoni, kenaka anakweza dzanja natikhululukira tonse pamodzi. Wina anafunsa ngati chikhululukiro choterocho chimagwira.

"Waya umatchinga mbuzi," anatero a Paulo. "Mulungu si mbuzi."

Sitefano, amene tsikulo anali adakali woyenda, anandinong'oneza kuti, "Alamu, kulapa kumeneku ndiye kwanga. Osatchula kanthu, koma zonse zafafanizika. Tipemphe kuti wayayu asachoke."

Patapita zaka, nditapeza mwayi wophunzira mpaka ku yunivesite ndili kale bambo wa ana, ndinawerenga zimene anthu ophunzira analemba pofotokoza kuti mpingo n'chiyani. Zambiri zinali zolondola. Koma chimene ine ndinaona m'komboni muja n'chapafupi kuposa zimenezo. Titachotseredwa nyumba, guwa ndi wansembe, chimene chinatsala chinali gulu la anthu omwe ankazindikira msanga liwu limodzi likasowa.

Liwu la Sitefano silinali lovuta kulizindikira. Linali lalikulu, lokhakhala, ndipo nthawi zonse linkatsiriza anzake atamaliza kale. Iye ankagona mzere wa kumadzulo. Ine ndinali ndi kachipinda ka amabalani pafupi ndi ofesi. Lamulungu lina ndinamvetsera chigawo chachiwiri, ndipo Ameni wochedwa uja sanamveke. A Paulo ataitana dzina lake, anavomera ndi munthu wina: "Alipo, koma wagona." Madzulo ake anamunyamulira kuchisakasa.

Sankatilola kulowamo, koma kumbuyo kunali mpata pakati pa matabwa, ndipo machira ake anali pomwepo. Ndinkapita m'mawa ndisanatsegule zenera la ofesi. Masiku awiri oyamba ankasekabe. Tsiku lachitatu anapuma kangapo asanalankhule.

"Alamu."

"Ndili pano."

"Wilisoni wathawa. Wasiyira Sitefano matenda."

"Musalankhule zambiri. Mudzuka."

"Musandilembere kalata ine, ndili pompano." Anatsokomola nthawi yaitali. "Tamverani. Zikavuta, aNangozo asakamvere kwa pepala. Mukanene nokha, ndi pakamwa panu. Mwamva?"

"Ndamva."

"Mukakhale pansi bwinobwino. Musakanene muli chiimire ngati mesenjala wa boma."

Anamwalira sabata lotsatira, Lachiwiri m'mawa. Tinamunyamula anayi: ine, a Paulo, ndi anzake awiri a pansi. Pa thabwa la pamanda panalembedwa nambala yake ya ntchito ndi dzina la Wilisoni. A Paulo anatulutsa mpeni nazokota kumbuyo kwake dzina la ubatizo. Bulangeti lake, malaya ndi bokosi zinatenthedwa monga mwa lamulo la nyengoyo. Chikalata chodziwitsa boma ndinadzaza ndine, motsata zimene zinali m'buku. Chinapita kumpoto. Mpaka lero sindidziwa ngati kumeneko banja lina linalira munthu amene anali moyo, kapena anaseka ali naye pakhonde. Chimene ndinadziwa n'chakuti ku Dedza sikudzafika uthenga wina uliwonse kupatula wanga.

Ndinalembera amalume a Yohane monga anandilamulira, ndiponso monga mwambo umafunira. Kalatayo inali yaifupi. Ndinapereka moni, kenaka ndinati, "Matenda a Sitefano akula. Ine ndibwera." Ndinali wokhutira kuti ndachita zoyenera. Amalume akanamva, akanakonzekeretsa mlongo wanga pang'onopang'ono, akanatumiza mawu kwa abale a mwamunayo, ndipo ine pofika ndikanangotsiriza.

Yankho linafika mvula itayamba. Dzanja silinali la aliyense amene ndinkamudziwa. Wolembayo anadzitchula kuti ndi Damiano, katekisiti watsopano wa m'mudzi mwathu, mnyamata wokulira ku mishoni. Anati chimfine chomwecho chinakwera mapiri, ndipo amalume a Yohane anaikidwa kalata yanga isanafike. Anafotokoza mwatsatanetsatane, mwina monyadira pang'ono, mmene akhristu anachitira tchalitchi chitatsekedwa. Banja lililonse linkaima pabwalo pake. Iye ankakwera pa thanthwe la pamwamba pa mudzi, pamene liwu limatsetsereka mpaka kumadimba, n'kumatchula mayina. Poyamba ankatchula odwala, anthu n'kumayankha kuti, "Ambuye, muwachiritse." Kenaka ankatchula omwalira, anthu n'kumayankha kuti, "Ambuye, muwapatse mpumulo wosatha." Kalata yanga, popeza mwini wake kunalibe, anaiwerengera Veronika. "Musade nkhawa," analemba motero. "Dzina la a Sitefano taliika pa odwala, ndipo tikuwapempherera sabata lililonse." Pansi pake anawonjezera mawu a mlongo wanga, monga anawanenera: "Achimwene, mutiuze mmene alili."

Ndinawerenga kalatayo nditaima pa zenera la ofesi, ndipo ndinamvetsa zonse nthawi yomweyo. Sindinganene kuti ndinasokonezeka.

Zifukwa zimene ndinadzipatsa ndikuzikumbukira bwino, chifukwa ndinazikonza mosamala. Choyamba, ndinalonjeza womwalira kuti sindidzalemba. Chachiwiri, mitsinje inali yodzaza ndipo ulendo unali wovuta. Chachitatu, munthu sabwerera kwawo chimanjamanja, ndipo ine ndinali ndisanagule kanthu kooneka. Chifukwa chilichonse mwa zimenezi chinali choona. Koma choona chimene chinali pansi pa zonsezo n'chakuti ndinkaopa nkhope ya Veronika. Amalume atachoka, panalibenso wina woima pakati pa ine ndi iye. Ndinayankha kalatayo ndi moni ndi nkhani za mvula, osatchula Sitefano. Chilimwe chitafika, ndinasayina kontirakiti ina.

Zipata zinali zitatsegulidwa kale, chisakasa chatsukidwa, bambo mfumu ayambiranso kubwera. Anthu anapempha kuti kuitana mayina kusathe, ndiye a Paulo ankaitanabe pambuyo pa mapemphero. Lamulungu lina anthu atabalalika anandipeza ndikutola mapepala anga.

"Mabalani, ndamva kuti mwasayinanso."

"Ee, chaka chimodzi chokha."

"Inenso chinali chimodzi." Anakhala pa benchi, akusisita bondo. "Anthu amaganiza kuti utchona umayamba ndi mowa, kapena ndi mkazi wa kuno. Ayi. Zimenezo zimabwera pambuyo, kudzatseka dzenje. Umayamba ndi mawu amodzi amene munthu ukuopa kukanena kwanu. Ine ndinabwera ndi mng'ono wanga. Mwala unamugwera chaka choyamba."

"Kwanu anamva?"

"Kwa ndani?"

Anadzuka n'kupita kukasonkha moto.

Ndikanakonda kulemba kuti ndinanyamuka sabata lomwelo. Sizinatero. Ndinakhala mpaka kontirakitiyo inatha, ndipo mvula ina inagwa n'kuleka. M'nyengo imeneyo ndinalembera anthu ena makalata ambirimbiri, ena a iwo onena kuti matenda akula, ndipo ndinkaona eni ake akumanga katundu sabata lotsatira kupita kukatsiriza mawuwo. Kalata yachiwiri yochokera kwathu inali ndi mzere umodzi wokha pansi pa moni wa Damiano: "Achimwene, tikudikirabe kuti mutiuze." Imeneyo ndiyo inandichotsa. Potsanzikana, a Paulo anandipatsa mpeni uja kuti ndikaonetse ngati abale angafune umboni wa manda. Sindinawaonenso.

Ndinabwerera pa lole kudzera ku Tete, kenaka pa basi, kenaka wapansi kuchokera pa msewu waukulu. Ndinagona kwa anthu ena panjira, ndipo ndinafika pa phiri la kwathu Lamulungu m'mawa, nkhungu isanachoke m'zigwa. Mudzi unali wocheperako. Nyumba ya amalume inali itagwa denga, ndipo m'kati mwake munamera maungu. Kumanda, kumene njira imadutsa chapafupi, kunali mitanda yambiri imene matabwa ake anali asanade. Ana amene ndinakumana nawo anandipatsa moni wa mlendo.

Anthu anali ku tchalitchi, kanyumba kaudzu ka pansi pa thanthwe. Mapemphero anali atatha, koma onse anali atatuluka panja n'kuima, ndipo mnyamata wina wovala jekete lothina anali pamwamba pa mwalawo ndi kabuku. Nawonso sanausiye mwambo wa m'nyengo ya chimfine. Ndinaima kumbuyo, pansi pa mtengo wa mapichesi, sutikesi ili pambali. Anatchula gogo wina wa nyamakazi, mwana wina amene anapsa ndi moto, kenaka anati, "A Sitefano, amene ali ku Halale."

"Ambuye, muwachiritse," mpingo wonse unayankha.

Ndinamuona Veronika ali kumbali ya amayi. Anali ataonda, ndipo kutsogolo kwa duku lake kunkaoneka imvi. Anayankha nawo, milomo yokha. Potembenuka anandiona. Anayang'ana ine, kenaka anayang'ana njira imene inali kumbuyo kwanga, nthawi yokwanira kuti aone kuti munalibe munthu.

Kwathu mlendo safunsidwa nkhani panjira. Anandilandira sutikesi, tinapita kunyumba kwake, anayala mphasa pakhonde, anandipatsa madzi. Damiano anabwera nafe, popeza ndiye ankalemba makalata, ndipo anakhala pa kampando chapatali. Kenaka inafika nthawi ya malonje, pamene wapaulendo amafotokoza mmene wayendera kuyambira kumene wachokera. Ndinakhala pansi bwinobwino monga ndinauzidwira. Ndinafotokoza za lole, za kuwoloka mtsinje, za fumbi la ku Tete, za basi imene inafera pa chitunda. Ndinalankhula nthawi yaitali, mwadongosolo, ndipo Veronika ankavomera ndi kuwomba m'manja mwakachetechete pa chigawo chilichonse.

"Za lole tamva, achimwene," anatero nditapuma. "Za basi tamvanso. Alamu anu mwawasiya bwanji?"

Ndinayang'ana mphasa. "Achemwali, monga ndinalembera muja, matenda anakula."

"Pepani, pepani," anatero Damiano. "Koma tisataye mtima. Tipitiriza kuwapemph..."

"Aphunzitsi, dikirani." Veronika sanakweze mawu. "Inu munakulira kwa ansembe, mumamva mawu monga alembedwera, ndipo sindikukuimbani mlandu. Ine ndinakulira pakhomo pa amalume. Ndinaona makalata otero akubwera ndili mtsikana. Mawu amenewo ndinawamva tsiku lomwe munandiwerengera."

Ine ndinati, "Munadziwa?"

"Ndinadziwa."

"Nanga bwanji munalola kuti dzina..."

"Ndikanalira atandiuza ndani? Ndikanameta tsitsi, abale ake akanabwera kudzafunsa kuti, 'Mkazi iwe, wakuuza ndani kuti mwana wathu wafa?' Ndikanati pepala? Pepalalo likuti matenda. Akanati ndamufulumizira imfa chifukwa ndapeza wina. Amalume kulibe. Wotsala ndinu. Ndinakulemberani kawiri kuti mutiuze, inu munandiyankha za mvula." Anakonza duku lake. "Sabata ndi sabata ndakhala ndikuyankha kuti 'muwachiritse,' ndikudziwa kuti ndikunamiza Mulungu pamaso pa anthu. Bambo mfumu akabwera ndimalapa tchimo lomwelo, Lamulungu linalo ndimalichitanso. Munthu wanga sanapemphereredwe mpumulo ngakhale kamodzi. Zaka ziwiri, achimwene. Sindili mkazi wa munthu, sindili wamasiye. Ndiye musandiuzenso za matenda. Nenani."

Panthawi yonse imene ndinali ku Halale ndinkaganiza kuti chete wanga ukumusungira chiyembekezo, ndipo ndinkadziona ngati wamantha koma wachifundo. Pa mphasa paja ndinaona kuti sindinamusungire kanthu. Ndinangomutsekera pakhomo pa maliro a mwamuna wake yemwe, kiyi ili m'thumba mwanga.

"Achemwali," ndinatero, "Sitefano anamwalira. Anamwalira ndi chibayo, m'nyengo ya chimfine, Lachiwiri m'mawa. Ndinamunyamula ndi manja angawa, ndipo ndikudziwa pamene agona."

"Analapa?"

"Bambo mfumu anaima kunja kwa waya natikhululukira tonse pamodzi. Iye analipo, anagwada pafupi ndi ine."

"Zimenezo zimagwira, aphunzitsi?"

Damiano anati, "Pa ngozi ya imfa zimagwira, mayi."

Veronika anawomba m'manja katatu, pang'onopang'ono, monga amachitira munthu potseka malonje. "Zikomo. Tsopano ndiye mwafika, achimwene."

Anadzuka, anatsika pakhonde, napita pakati pa bwalo. Anaika manja kumutu n'kutsegula pakamwa, koma poyamba sipanatuluke kanthu koma mpweya. Anayesanso. Kachitatu liwu linang'ambika n'kutuluka, ndipo nkhuku zinabalalika. M'nyumba zoyandikana amayi anayamba kutuluka, ena akumanga nsalu m'chiuno akuthamanga, ndipo analandira kulirako asanadziwe n'komwe kuti n'kwa yani.

Kutsidya kwa khwawa bambo wina anaima m'munda mwake, anaika manja pakamwa, nafuula monga mwa mwambo: "Kwagwanji ukooo?"

Funso limenelo amayankha ndi nkhoswe. Ndinayang'ana uku ndi uku, ndipo onse anali akuyang'ana ine. Ndinaimirira, ndinapita kumapeto kwa bwalo, ndipo ndinatchula dzina la Sitefano mokweza, kuti ndi a kumadimba omwe amve.